Kabuku komwe kadalanda amishoni chikoti

Ukachoka paboma la Phalombe kulowera ku Nkhulambe, msewu umakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Pampatapa ndi pomwe pali mabwinja a Fort Lister, linga lomwe atsamunda a ku Britain adamanga m'chaka cha 1893.

Lero pamalopa pali zii. Chatsala ndi zipupa zogumuka komanso manda, kuphatikizapo a Gilbert Stevenson, mbale wake wa mlembi wotchuka Robert Louis Stevenson, yemwe adamwalira mu 1896 akugwira ntchito ya boma la atsamunda.

Ambiri timadziwa kuti lingali adalimanga pofuna kutseka njira ya anthu ogula akapolo omwe ankadutsa pampatapa ulendo wa ku Quelimane. Zimenezi n'zoona. Koma Fort Lister ili ndi mbiri inanso yomwe siikambidwa kawirikawiri. Ndi chimodzi mwa zizindikiro zoyamba zoonetsa kuti mphamvu zoweruza ndi kulanga anthu m'dera lino zidali zitafika m'manja mwa boma la Mfumukazi Victoria.

Zaka 15 lingali lisadamangidwe, mzungu yemwe ankagwira chikoti kumtunda kwa Shire sadali msilikali kapena bwana wa boma ayi. Adali mmishoni. Ndipo chomwe chidamulanda chikoticho si nkhondo, koma kabuku ka masamba owerengeka.

Abusa asanduka oweruza

Mishoni ya Blantyre idakhazikitsidwa mu Okutobala 1876 ndi mpingo wa Church of Scotland, pamalo omwe Henry Henderson adasankha mothandizidwa ndi womasulira wake Tom Bokwito. Nthawi imeneyo kudalibe boma la azungu m'dziko muno. Dziko lidali m'manja mwa mafumu, ndipo dera la mishoniyo lidali la mfumu Kapeni.

Posakhalitsa anthu othawa ukapolo ndi nkhondo adayamba kukhamukira pamishonipo. Midzi idamera. Tsono paliponse pomwe pali anthu sipalephera milandu: uyu waba, uyu wamenya mnzake, uyu wathawa ndi katundu. Funso lidali lakuti milanduyi aweruze ndani?

Amishoni adadzipatsa okha udindowo. Mbusa Duff Macdonald, yemwe adafika mu 1878, pamodzi ndi amisiri omwe ankagwira nawo ntchito monga John Buchanan ndi George Fenwick, adapezeka kuti ndiwo apolisi, oweruza komanso oyang'anira ndende. Anthu ankakwapulidwa koopsa pamilandu yakuba. Mtengatenga wina yemwe adamuganizira kuti wasowetsa katundu adakwapulidwa mpaka kutsirizika. Mu 1879 bambo wina dzina lake Manga, yemwe ankamuganizira kuti adapha mayi wina wa pamishonipo, adaomberedwa ndi mfuti amishoniwo atagamula kuti aphedwe.

Koma akuluakulu adati mlandu suola. M'masiku omwewo kudadutsa mlenje wina wa ku Australia, Andrew Chirnside, yemwe adamva ndi kuona zina mwa zomwe zinkachitikazo. Atafika ku London, mu 1880 adasindikiza kabuku kotchedwa The Blantyre Missionaries: Discreditable Disclosures, koulula nkhanza za amishoniwo.

Kabukuka kadautsa mapiri pachigwa. Nyuzipepala za ku Britain zidaitola nkhaniyo, ndipo idakafika mpaka ku Nyumba ya Malamulo ya dzikolo. Mpingo udachita manyazi, ndipo udatuma Mbusa James Rankin ndi Alexander Pringle kudzafufuza. Ngakhale ena amati Chirnside adathirako mchere pazinthu zina, kafukufukuyo adapeza kuti zikuluzikuluzo zidachitikadi. Mu 1881 Macdonald, Buchanan ndi Fenwick adachotsedwa ntchito, ndipo mishoni idalamulidwa kuti isiye kuweruza ndi kulanga anthu ngati boma.

Wolowa m'malo mwa Macdonald, Mbusa David Clement Scott, adabweza milandu kubwalo la mafumu. Mkuluyu ndiye adamangitsa tchalitchi cha St Michael and All Angels pakati pa 1888 ndi 1891, ndiponso adalemba dikishonale ya Chimang'anja yomwe idatuluka mu 1892.

Mangalande idaziona kale

Njira yomwe Chirnside adatsata, yolemba kabuku koyalutsa atsogoleri a mpingo pofuna kuti olamula alowererepo, siidali yachilendo kwa Angerezi. Zaka 350 m'mbuyo mwake kabuku ka mtundu womwewo kadagwedeza dziko lawo, ndipo zomwe zidatsatira kumeneko zikutithandiza kumvetsa zomwe zidachitika kwathu kuno.

M'chaka cha 1529 loya wina wachinyamata, Simon Fish, yemwe adali atathawira kunja poopa akuluakulu a mpingo, adatulutsa kabuku kotchedwa A Supplication for the Beggars. Adakalemba ngati dandaulo la anthu opemphapempha, akhate ndi olumala kupita kwa Mfumu Henry VIII.

Mfundo yake idali yakuti amphawi akufa ndi njala chifukwa maepiskopi, ansembe ndi amonke adameza chuma cha dziko. Fish adati mpingo udali utatenga gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a dziko lonse, ndipo pamwamba pa chakhumi unkalipiritsanso anthu pamaliro ndi pamapemphero opempherera mizimu ya akufa. Adatsutsa chiphunzitso cha Purigatoriyo ponena kuti ndi njira yodyera anthu ndalama.

Adakumbutsanso za Richard Hunne, wamalonda wa ku London yemwe adakana kupereka kwa wansembe nsalu ya mwana wake wakhanda womwalira ngati malipiro a maliro. Nkhaniyo idafika kumakhothi, ndipo mu Disembala 1514 Hunne adapezeka atapachikika m'ndende ya episkopi wa London. Anthu ambiri mumzindawo sadakhulupirire kuti adadzimangirira yekha.

Koma nzeru ya Fish idagona pa yemwe adamulembera. Sadauze anthu wamba kuti aukire ansembe. Adauza mfumu kuti mpingo wasanduka ufumu wina mkati mwa ufumu wake, wokhala ndi makhothi akeake ndi malamulo akeake, womvera Papa wa ku Rome osati mwini dziko. Mwachidule, adaikanda mfumu pomwe pankayabwa.

Pankayabwadi. Nthawi imeneyo Henry ankafuna kuthetsa ukwati wake ndi Catherine of Aragon kuti akwatire Anne Boleyn, koma Papa Clement VII sankalola. Thomas More, yemwe chaka chomwecho adakhala nduna yaikulu ya mfumu, adayankha Fish ndi buku lalitali lotchedwa The Supplication of Souls, koma madzi adali atafika kale m'khosi.

Sikuti kabuku ka Fish pakokha ndiko kadasintha Mangalande. Koma kadali m'gulu la zolembedwa zomwe zidakonzera mfumu njira. Mu 1532 atsogoleri a mpingo adavomera kuti sadzapanganso malamulo popanda chilolezo cha mfumu. Mu 1534 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lakuti mfumu ndiye mutu wa mpingo m'dzikomo. More ndi Episkopi John Fisher adakana kuvomereza zimenezi, ndipo onse awiri adadulidwa mitu mu 1535.

Pakati pa 1536 ndi 1540 nyumba za amonke ndi masisitere zoposa 800 zidatsekedwa, chuma chake n'kupita kwa mfumu. Nanga opemphapempha aja, omwe kabuku kadalembedwa m'dzina lawo, adapindulanji? Minda yambiri ya amonke idagulitsidwa kwa nduna ndi anthu achuma. Amphawi omwe ankalandira chakudya pazipata za nyumbazo adapeza zitseko zotseka. Fish mwini wake sadazione zonsezi chifukwa adamwalira ndi mliri mu 1531.

Chinanso chidaonekera patapita zaka. Mu 1588 ndi 1589, Mfumukazi Elizabeth I ikulamula, kudatuluka timabuku tonyoza maepiskopi tolembedwa ndi munthu wodzitcha Martin Marprelate. Ulendo uno boma silidamwetulire. Khoswe adali atakhala pamkhate. Maepiskopi adali osankhidwa ndi mfumukazi, choncho kuwanyoza kudali kunyoza mpando wachifumu. Makina osindikizira timabukuto adasakidwa mpaka kugwidwa, ndipo John Penry, mmodzi mwa omwe ankathandiza kutisindikiza, adanyongedwa mu 1593.

Mpaka lero mfumu ya dzikolo, Charles III, ndiye mkulu wa mpingo wa Church of England, ngakhale kuti tsopano udindowo ndi waulemu chabe.

Chikoti chidapita kuti?

Tibwerere kwathu. Monga momwe zidakhalira ku Mangalande, mphamvu zomwe amishoni a ku Blantyre adalandidwa sizidatayidwe m'nyanja. Zidangodikira mwini wina.

Mu 1883 boma la Britain lidasankha kazembe wake woyamba wa dera la nyanja, Captain Foot. Zoseketsa n'zakuti John Buchanan yemwe uja, atachotsedwa pamishoni n'kukayamba ulimi wa khofi ku Zomba, adadzakhala wogwirizira udindo wa kazembe. Ndi iyeyo yemwe mu 1889 adalengeza kuti dera la kumtunda kwa Shire lili pansi pa chitetezo cha Britain, pofuna kutsekereza Apwitikizi. Munthu yemwe mpingo udamuona kuti sayenera kugwira chikoti adadzakhala woimira mfumukazi. Mnzake Fenwick adathera kwina: mu 1884 adaombera mfumu Chipatula ya Amakololo, iyenso n'kuphedwa ndi anthu a mfumuyo.

Mu 1891 Harry Johnston adafika kudzakhazikitsa boma, ndipo adabweretsa asilikali achi Sikh ochokera ku India. Adayamba kumanga malinga m'njira za akapolo. La pampata wa Michesi adalitcha dzina la Sir Villiers Lister, mmodzi mwa akuluakulu a ku unduna woona zakunja ku London.

Palibe angatsutse kuti malingawa adathandiza kuthetsa malonda a akapolo. Koma boma lomwe lidatseka njira ya akapolo ndi lomwenso lidabweretsa msonkho, lidatsimikizira azungu umwini wa minda ikuluikulu, ndipo linkatentha midzi ya mafumu okana kugonja. Kwa munthu wamba wa ku Mulanje, chikoti chidangosintha dzanja.

Apa ndi pomwe zinthu zidatembenuka. Amishoni a ku Blantyre, omwe tsopano adalibe ndende kapena chikoti, adasanduka odzudzula boma. Kudzera m'magazini yawo ya Life and Work, yomwe idayamba kutuluka mu 1888, Scott ndi mnzake Alexander Hetherwick ankalemba motsutsa kukwera kwa msonkho, kulandidwa kwa malo komanso nkhondo za Johnston. Msonkho wa masheleni 6 pamunthu udatsitsidwa kufika pa masheleni 3 panyumba, ndipo phokoso la amishoniwa lidathandizira.

Johnston zidamukwana. Ankalembera akuluakulu ake ku London kudandaula kuti amishoniwa akufuna kukhala boma paokha, ndipo mu 1894 boma lake lidayamba kusindikiza nyuzipepala yakeyake ku Zomba, British Central Africa Gazette. Dandaulo lake silidasiyane kwenikweni ndi lomwe Fish adapereka kwa Henry VIII: kodi m'dziko muno wamkulu ndani, wa mpando kapena wa guwa?

Azungu a mishoni boma linkatha kuwapirira chifukwa adali ndi abale ku Scotland. Koma ena sankapatsidwa mwayi wotere. Joseph Booth, yemwe adalemba kabuku ka Africa for the African mu 1897, adathamangitsidwa m'dziko muno. Elliot Kamwana adagwidwa n'kutumizidwa kunja mu 1909 kaamba ka ulaliki wake ku Nkhata Bay.

Mbusa John Chilembwe adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kudandaula kuti Amalawi akukafa pankhondo yomwe si yawo, koma boma lidatsekereza kalatayo. Patangopita miyezi iwiri kudabuka kuukira kwa pa 23 Januwale 1915. Chilembwe adaomberedwa pa 3 Febuluwale m'boma la Mulanje, lomwe nthawiyo linkaphatikiza Phalombe, akulowera kumalire a Mozambique. Tchalitchi chake cha ku Mbombwe asilikali adachiphulitsa.

Kalata yochokera kuguwa

Ufulu wa 1964 sudathetse funso lija. Dr Hastings Kamuzu Banda sadakhazikitse lamulo lodzipanga mutu wa mpingo ngati Henry VIII. Sadafunikire kutero. Iye adali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland ndipo ankakonda kukumbutsa anthu zimenezi. Atsogoleri a mipingo ankapemphera pamisonkhano ya boma ndi ya chipani, ndipo ambiri adasankha kutseka pakamwa anthu akamatsekeredwa popanda mlandu.

Omwe adakana kugwada adaona zakuda. A Mboni za Yehova adaletsedwa mu 1967 kaamba kokana kugula makhadi a chipani. Zikwizikwi adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ena n'kukathera m'misasa ya ku Milange, tsidya la malire kuchokera kuno. Mipingo ikuluikulu siidawalankhulire mokweza. Idaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mawalo lidafika pa 8 Malichi 1992. Lamulungu limenelo m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti yotchedwa Living Our Faith. Idasainidwa ndi Arkiepiskopi James Chiona, maepiskopi Felix Mkhori, Matthias Chimole, Alessandro Assolari, Allan Chamgwera ndi Gervazio Chisendera, komanso Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu.

Kalatayo idakamba za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu komanso mantha omwe ankalepheretsa anthu kulankhula zakukhosi. Zidali zinthu zomwe aliyense ankazidziwa, koma padalibe yemwe adazinenapo pagulu.

Boma lidayankha ndi ukali. Maepiskopi adaitanidwa kupolisi ku Blantyre n'kufunsidwa mafunso kwa maola ambiri. Kalatayo idalengezedwa kuti ndi youkira boma, moti kupezeka nayo udali mlandu. Pamsonkhano wa akuluakulu a chipani cha MCP ena adafika ponena kuti maepiskopiwo aphedwe. Nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka, komwe kalatayo idasindikizidwa, idatenthedwa. Roche adathamangitsidwa m'dziko muno pa Lachisanu Loyera.

Nyimbo yonyoza atsogoleri a mpingo idamvekanso, koma ulendo uno ikuimbidwa ndi wailesi ndi nyuzipepala za boma lenilenilo. Kusiyana kwake ndi nthawi ya Fish kapena ya Chirnside n'kwakuti anthu wamba sadavine nawo. Ophunzira a ku Chancellor College adachita zionetsero zoikira kumbuyo maepiskopi. Kalatayo idapitiriza kuyenda m'matumba ndi m'makina a fotokope. Mipingo ina, Asilamu, maloya ndi amalonda adagwirana manja n'kupanga bungwe la Public Affairs Committee chaka chomwecho. Pa 14 Juni 1993 Amalawi pafupifupi awiri mwa atatu alionse omwe adavota adasankha ndale za zipani zambiri, ndipo chaka chomwecho chiletso cha Mboni za Yehova chidachotsedwa.

N'chifukwa chiyani anthu adakhulupirira maepiskopi mu 1992, pomwe amishoni a 1879 adasowa wowaikira kumbuyo? Yankho silovuta. A 1879 adali ndi chikoti m'manja. A 1992 adalibe ndende, adalibe mfuti, ndipo pa zomwe adalembazo padalibe chomwe akadapindula kupatula kuika moyo wawo pachiswe.

Nanga lero?

Malamulo oyendetsera dziko lino tsopano amateteza ufulu wa chipembedzo mu gawo 33, ufulu wolankhula mu gawo 35 ndi ufulu wa atolankhani mu gawo 36. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo idavomereza kuchotsa mlandu wolankhula kapena kulemba zoukira boma, womwe udagwiritsidwa ntchito poletsa kalata ya maepiskopi ija. Palibe mtsogoleri wa dziko yemwe angaime lero n'kudzitcha mutu wa mpingo.

Koma mbiriyi ikutionetsa kuti mpingo suchita kulandidwa ndi lamulo pokha. Umathanso kugulidwa. Wandale akafika kutchalitchi ndi envulopu yonenepa, akalonjeza malata kapena galimoto ya abusa, kapena akapatsa mtsogoleri wa mpingo mpando m'bungwe la boma, guwa limayamba kulankhula motsitsa mawu. Galu wamkota sakandira pachabe, naye wandale sapereka chopereka chotere popanda chomwe akuyembekeza.

Mbali inayo, mpingo nawo si wosakhudzika. Pomwe abusa akudyera nkhosa zawo masuku pamutu, kugulitsa madzi ndi mafuta kwa odwala, kapena kubisa nkhanza zochitikira ana ndi amayi, pafunika Chirnside wina woti aulule. Akadapanda mlenje uja kulemba, anthu akadapitiriza kukwapulidwa pa Blantyre m'dzina la Uthenga Wabwino. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Chofunika n'kuchenjera ndi yemwe akuombera m'manja kabuku kotere. Fish adalemba m'dzina la opemphapempha, koma minda idapita kwa nduna. Chirnside adalemba m'dzina la Amang'anja ndi Ayao okwapulidwa, koma patapita zaka khumi ndi mphambu zochepa anthu omwewo adali akuthamangitsidwa ndi asilikali a msonkho. Choncho wolamula akayamba kudzudzula abusa kuti asiye ndale, kapena timapepala topanda dzina tikayamba kuyenda pa WhatsApp kuyalutsa episkopi yemwe wangodzudzula boma dzulo lake, ndi bwino kufunsa kuti mlanduwo ndi woona kodi, komanso kuti guwalo likakhala chete apindule ndani.

Fort Lister sidagwire ntchito nthawi yaitali. Malonda a akapolo atatha, atsamunda adalisiya lingali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo lero ndi amodzi mwa malo otetezedwa a mbiri ya dziko lino. Boma lomwe lidalimanga lidapita mu 1964. Lomwe lidaletsa kalata ya maepiskopi lidapita mu 1994.

Koma kumunsi kwa mpatawu, m'midzi ya ku Phalombe, Lamulungu lililonse mabelu akulirabe ndipo anthu akumasonkhana kudzamva zomwe abusa ndi ansembe awakonzera. Ndi anthu amenewa, omwe amapereka chakhumi kutchalitchi ndi msonkho kuboma, amene amalipira mtengo wake mpingo ukatenga chikoti kapena boma likagula guwa.